Tsiku Limene Maginito Anagwira Amayi

Amayi anga amakhoma chilichonse. Chitseko chakumaso, chitseko chakuchipinda, firiji, kabati, ngakhale kabokosi ka singano. Makiyi onsewo, pamodzi ndi kasizasi ndi loko wina amene chitseko chake chinathyoka kalekale, amawamanga pa chingwe cha nayiloni m'chiuno, mkati mwa diresi. Akamayenda m'nyumba mumangomva ngwe-ngwe-ngwe. Ine ndinakula ndi phokoso limenelo, ndipo mpaka lero ndikalimva mtima umagunda ngati ndaba kanthu.

Ndinabwerera m'nyumba imeneyi ndili ndi pakati, bambo wa mwana atasowa osatsanzika. Tsopano Kadontho wanga akuthamanga, akulankhula, koma ali ndi mphumu imene imandichititsa kumvetsera kupuma kwake ngakhale akusewera. Kampope ka mankhwala kamene ndimayenda nako kanali katatsala pang'ono kutha. Katsopano kanali m'kabati, chifukwa Amayi amati ine mantha andichulukira, mwana akangoyetsemula ndampopera kale. Kiyi wa kabatiyo mwadziwa kale kumene amakhala.

"Mwamuna wako wamaginitoyo," anatero Amayi tsiku lina akusita zovala, "amagwira ntchito yanji kwenikweni?"

"Ndinakuuzani, Amayi. Amafufuza za sayansi ku yunivesite."

"Kufufuza? Chataika n'chiyani?"

"Palibe chataika. Amapanga timiyala tina take."

"Timiyala." Anaimika simbi. "Mwamuna wandevu zake. Woyamba uja anati amagulitsa magalimoto, galimoto yake tinaionapo? Tamvera, mwana iwe. Ukafuna kukwatiwa, khomo ndi ilo, ndikutsekulira ndekha. Koma mdzukulu wanga sapita kwa munthu amene ntchito yake sindinaione ndi maso angawa. Kadontho atsala ndi ine."

Amayi saopseza. Akanena kuti akhoma, amakhomadi.

* * *

Wamaginito ndinakumana naye kumene ndimagwira ntchito yokopera mapepala, pafupi ndi geti la yunivesite. Ankabwera ndi mapepala odzaza mizere yokhotakhota, n'kuwaiwala, n'kubweranso kudzawatenga, n'kuiwala ambulera. Nditamufunsa tsiku lina ngati mutu wake ukuyenda bwino, anayang'ana nsapato zake nati, "Achemwali, sindiiwala mwangozi ayi." Kufunsira kwake konse kunathera pomwepo. Mpaka pano amanditchabe achemwali, ngakhale Kadontho amamukwera pamapewa n'kumamukoka makutu.

Amayi atangopita kukaika simbi, ndinamulembera uthenga.

"Amayi akufuna kudzaona ntchito yanu. Akapanda kukhutira, andilanda Kadontho."

Foni inaonetsa kuti akulemba. Anasiya. Anayambanso. Ine ndinali nditaluma kale chikhadabo mpaka pamnofu.

"Sabata ino ndi yovuta, achemwali. Kamwala kathu kabwino kali m'thanki, ndipo maginito ndi oyatsa."

"Sabata yatha munatinso ndi yovuta."

"Inali yovutadi."

"Ndiye mukufuna ndisankhe pakati pa inu ndi mwana? Chifukwa pamenepo sindichedwa kusankha."

Yankho linabwera ndisanaphethire. "Abwere mawa. Koma chonde, asavale chitsulo chilichonse. Chilichonse, achemwali."

Ndinakweza mutu. Kuchipinda kunali kumveka ngwe-ngwe-ngwe.

* * *

M'mawa ndinawachonderera ngati ndikupempha moyo. Ndinavula ndolo zanga, ndinachotsa timapini m'tsitsi la Kadontho, ndinamuvula nsapato za zipi n'kumuveka za pulasitiki. Amayi anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Makiyi, Amayi."

"Ndisiya kwa aneba. Tsogola ndi mwanayo, ndikhome."

Atatipeza pamsewu ndinatchera khutu. Zii. Anayenda patsogolo panga mpaka pokwerera basi, chiuno chili chete ngati cha munthu wina. Ndinathokoza Mulungu mumtima. Ndinafulumira kuthokoza.

Labotale yawo ili pansi, kumapeto kwa masitepe ozizira. Musanafike mumayamba kumva makina akupuma, tchuu-tchuu, ngati munthu wodwala chimfine. Amene anatitsekulira sanali Wamaginito ayi. Anali mkazi wamtali wa magalasi, wovala chovala choyera chomukhala bwino ngati anachita kumusokera. Ndinamudziwa. Anzake amamutcha Chisanu, chifukwa ndiye amayang'anira makina oziziritsa thanki, ndipo ine ndinali nditamuona kale kawirikawiri m'zithunzi za Wamaginito, nthawi zonse ataima pafupi kuposa mmene chithunzi chimafunira.

"Aa, ndinu mayi wa fotokope uja!" anatero akumwetulira. "Mumatikopera bwino, simudetsa mapepala. Doko! Alendo ako afika."

Wamaginito anatulukira atavala malaya ositasita, batani limodzi litalowa pabowo lolakwika. Ndisanatambasule dzanja, Chisanu anali atakonza kale batanilo, n'kumusasa paphewa fumbi limene ine sindinalione. Amayi anandigunda ndi chigongono.

"Takulandirani, Mayi," anatero Wamaginito akugwada pang'ono. Kadontho anamuthamangira n'kumukumbatira mwendo.

"Zamoni tichita pambuyo, bambo. Ndionetseni ntchito."

M'chipindamo munali mawaya ambiri olendewera, makompyuta awiri, ndi thanki yaikulu yonyezimira pakati, yotalika kuposa munthu. Pansi anajambula mzere wachikasu wozungulira thankiyo.

"Mzere uwu musaudumphe," anatero Chisanu. "Mkatimo muli maginito amphamvu. Muli ndi chitsulo chilichonse?"

"Ndikuoneka ngati wogulitsa zitsulo?" anayankha Amayi.

Ine ndinanyamula Kadontho n'kuima pakhomo penipeni, kutali ndi mzerewo, diso limodzi pa mwana, lina pa Chisanu.

* * *

"Kamwala kathu n'kachilendo, Mayi," anayamba Wamaginito, thukuta litatuluka kale ngakhale munali kuzizira. "N'kopyapyala kuposa tsitsi. Mkati mwake magetsi sadutsa, muli ngati mphira. Koma pakhungu pake amayenda bwinobwino."

"Kunja kosalala, mkati kouma," anatero Amayi. "Amuna otero ndawaonapo. Pitirizani."

"Ndiye ife popanga kamwalako timathiramo timaatomu ta chitsulo china chotchedwa koromiyamu. Tikakhala mmenemo, timachita ngati timaginito ting'onoting'ono."

"Mumadetsa dala chinthu choyera?"

"Eya, koma pang'ono zedi, ngati mchere. Mukachepetsa, palibe chimachitika. Mukachulutsa, kamwalako kamataya khalidwe lake lonse."

"Ndiye mumadziwa kuphika."

"Ayi, Mayi, ndimangodziwa zimenezi."

"Ndinadziwa. Kenako?"

"Timaginitoto tikayang'ana mbali imodzi tonse, pakhungu paja pamatsekekanso. Magetsi amatsala ndi kanjira kamodzi kokha, m'mphepete mwenimweni, ndipo amangozungulira mbali imodzi. Sabwerera m'mbuyo, sagundana, choncho satentha. Mwina tsiku lina foni yanu sidzatenthanso m'manja."

"Foni yanga sitentha. Sindiyatsa."

Wamaginito anandiyang'ana ngati munthu womira. Ndinamugwedezera mutu kuti apitirize.

"Pakali pano maginito aakulu a m'thankiwa ndi amene akulamula timaginito tija kuti tiyang'ane kumodzi. Mayeso enieni ndi kuwazimitsa, n'kuona ngati kamwalako kakumbukire kokha popanda wokakakamiza."

"Zimitsanitu tione."

Chisanu anaseka. "Ameneyu, Mayi? Akuopa. Timiyala tonse tam'mbuyomu tinkaiwala akangozimitsa. Aka n'komaliza, ng'anjo yopangira inawonongeka. Ndiye tsiku lililonse amati tizimitsa mawa. Ine sindidandaula, ndapezerapo mpata woyeza zanga maginito ali oyatsa. Ndimaliza sabata yamawa."

Mawu akuti mawa ndinawazindikira. Kukaona abale ake, mawa. Kukalankhula ndi Amayi, mawa. Ndiye Chisanu nayenso ankawadziwa bwino chonchi? Zinandiwawa ngati wavala diresi langa.

"Kamwalako kali kuti?" anafunsa Amayi.

"M'thankimo, Mayi, pansi penipeni. Kamafuna kuzizira koopsa, sitingakatulutse."

"Ndakwera basi, ndatsika masitepe ndi mawondo angawa, kudzaona thanki? Pali kazenera pamenepo, ndasuzumira."

Sikanali kazenera, kanali kachizindikiro ka kampani. Tonse atatu tinakuwa pamodzi, koma Amayi anali atadumpha kale mzere.

* * *

Choyamba diresi lawo linatukuka m'mbali ngati muli kamwana ka mphaka. Kenako pathumba panatuluka chinthu chakuda chofufuma, sokosi ya malemu bambo anga, itamangidwa pakamwa. Sokosiyo inauluka, chingwe chinakungika, ndipo Amayi anapita chammbali, timasitepe tating'onoting'ono tofulumira, mpaka phwa! Chiuno chinamamatira pa thanki.

"Wandigwira ndani? Tandisiyani! Ndati tandisiyani!"

"Agogo akuvina!" anakuwa Kadontho akuwomba m'manja.

Sokosi inang'ambika, makiyi onse anayalana pa thanki ngati nyerere pa shuga, loko pakati, kasizasi kataimirira chonchi.

"Amayi, munati mwasiya kwa aneba!"

"Aneba ake ati? Aja anabwereka mbale yanga chaka chatha?"

Anagwira chingwe ndi manja awiri n'kuyamba kukoka, phazi limodzi ataponda thanki.

"Musakoke!" anakuwa Chisanu, kumwetulira konse kutathawa. "Mukagwedeza thankiyo kamwala katentha, zonse zithera pomwepo! Doko, dula chingwe!"

Wamaginito anatola sizasi patebulo, anayenda pang'ono, anaiyang'ana, anayang'ana thanki, n'kuibweza msanga. Anayesa kumasula mfundo ndi zala, koma mfundo ya Amayi simasulidwa ndi munthu wobadwa dzana. Komanso kugwira chiuno cha apongozi a mawa si nkhani yamasewera. Ankakoka mfundoyo maso atayang'ana kudenga.

"Chotsani manja, bambo, mukundigirigisha."

Chisanu anabwera ndi kampeni kapulasitiki. "Tidula ndi aka. Inu muzipita, makiyi mudzatenga sabata yamawa ndikamaliza kuyeza."

"Sabata yamawa?" Amayi anafungatira makiyiwo ngati khanda. "Mtsikana iwe, makiyi awa sanagonepo kunja chibadwire chako. Akatsala pano, nanenso ndigona pano. Mundibweretsere bulangeti."

Pamenepo m'pamene Kadontho anatsokomola. Kuseka kuja ndi mphepo yozizira ya m'chipindamo zinamulowa. Anatsokomolanso, ndipo ndinamva kaphokoso kaja kamene ndimakadziwa kuposa dzina langa, kolira ngati kherere m'chifuwa. Ndinatuluka naye panja pa chitseko, ndinapisa m'chikwama, ndinakhutchumula kampope, ndinampopera. Anapuma. Ndinapopanso kuti ndione. Munangotuluka mphepo.

"Katha," ndinatero. "Katsopano kali m'kabati. Kabati ili m'chipinda chokhoma, m'nyumba yokhoma."

Chisanu anati, "Pano wapuma bwino. Mutha kuitana kalipentala athyole zitseko."

"Athyole chiyani?" anatero Amayi, koma mawu awo anali atachepa. Anali kuyang'ana Kadontho.

Wamaginito anatitsatira. Anagwada, anaika khutu pamsana pa mwana monga ndinamuphunzitsira. Kenako anadzuka n'kulunjika pa kompyuta.

"Doko, usayerekeze," anatero Chisanu. "Ntchito yanga yonse itayika. Ndipo kamwala kako kakaiwala, ulibe kena!"

"Ntchito yako ndidzakuthandiza kubwereza. Mwanayu akufuna mankhwala lero."

Anatambasula chala. Chinaima pamwamba pa batani, ndipo ine ndinali kudikira kuti anene mawa. Anadina.

* * *

Maginito otere sazima ngati getsi. Amatsika pang'onopang'ono, manambala akuchepa pa kompyuta. Wamaginito anabweretsera Amayi kampando kapulasitiki, ndipo anakhalira mbali imodzi, chiuno chikadali pa thanki. Kadontho anali atayamba kale kuseweretsa tsitsi langa. Chisanu anapinda manja n'kutembenukira kukhoma.

"Poti ndamangidwa pano, tiyeni tikambe," anatero Amayi. "Mwana wangayu mukumufuna, kapena mukungomutcha achemwali mpaka imvi?"

"Amayi!"

"Khala chete, ndikulankhula ndi a sayansi."

"Ndikumufuna, Mayi," anatero Wamaginito akuyang'ana nsapato. Kenako anakweza mutu. "Ndi Kadontho yemwe. Popanda Kadontho ayi."

"Akulu akwanu mubwera nawo liti?"

"Ma..."

"Mukanena mawa, ndigwedeza thanki iyi mpaka kamwalako katuluke pamwamba."

"Mapeto a mwezi uno, Mayi."

"Wamva, iwe? Ndiwe mboni, wamagalasi."

Chisanu sanatembenuke. Ine ndinabisa nkhope m'khosi la Kadontho kuti asaone kuti ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Kasizasi ndiko kanayamba kugwa chagada. Kenako makiyi anayamba kutsetsereka, ndipo loko anatsikira pachala cha Amayi. Anakuwa, anadzuka, anadumpha mzere wachikasu ngati mtsikana.

"Doko." Mawu a Chisanu anali atasintha. Anali atayandikira kompyuta, magalasi atawakankhira pamphumi. "Doko, taona."

Pa kompyutapo panali kamzere kobiriwira. Manambala a maginito anali atafika pa ziro, koma kamzereko kanali kadali pamwamba, kowongoka ngati anachita kukalemba ndi rula.

"Sikanaiwale," ananong'ona Wamaginito. Kenako anakuwa, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu. "Sikanaiwale! Magetsi akuyendabe m'mphepete, okha!"

Ndinayamba kuyenda kuti ndikamuyamikire. Ndinachedwa. Chisanu anamudumphira m'khosi, iye anamunyamula n'kuzungulira naye, nsapato za mkaziyo zili m'malere, onse akuseka ngati ana. Atamutsitsa, pamalaya ositasita aja panali chidindo cha milomo.

Wamaginito anatembenuka, anandiona, chimwemwe chinamuumira pankhope.

"Achemwali, ndi za ntchito chabe."

"Ndaona," ndinatero. "Ntchito yanu ndi yotentha, ngakhale mumati mumagwira pozizira."

* * *

Tinakwera basi yobwerera ndi Amayi. Makiyi anali pamiyendo pawo poyera, ndipo ankawawerenga ndi chala ngati ena atsala. Titafika kunyumba anatsekula chitseko, chipinda, kabati, n'kundipatsa kampope katsopano. Kadontho anali atagona tulo, akupuma mwakachetechete. Ndinakhala pambali pake ndikumvetserabe.

Kenako ndinamva Amayi akulimbana ndi chinachake. Anali kuchotsa kiyi mmodzi pa chingwe chija ndi chikhadabo, akulumira mano. Atatha, anagwira dzanja langa n'kumuika pachikhatho. Anali kiyi wa kabati. Chibadwire changa sindinagwirepo kiyi wa m'nyumba imeneyi.

"Ntchito yake sindinaimvetse," anatero, "ndipo kamwalako sindinakaone. Koma ndaona munthu wamantha akudina chimene amaopa, chifukwa cha chifuwa cha mwana wa mwamuna mnzake. Mwanayo udzapite naye. Mankhwala uzisunga wekha."

"Amayi..."

"Usalire, undinyowetsa. Koma wamagalasi uja uzimuyang'ana ndi maso onse awiri. Amene uja akufuna loko."

Foni inalira. Anali Wamaginito.

"Achemwali, pepani za chidindo chija, malaya ndawaviika kale. Kadontho ali bwanji?"

"Akupuma bwino. Wagona."

"Mulungu ndi wabwino. Ndili ndi nkhani yosangalatsa. Abwana athu akondwa kwambiri. Akuti anthu sakhulupirira mpaka tikabwereze mayesowa ku labotale yaikulu, kunja kwa dziko. Miyezi ingapo basi. Tinyamuka mapeto a mwezi uno."

Mapeto a mwezi uno. Ndinamva mpweya wa Amayi pakhutu panga. Munthu amene sayatsa foni yake amawerenga ya mnzake mofulumira modabwitsa.

"Tinyamuka ndi ndani?" ndinalemba.

Akulemba. Anasiya. Anayambanso.

"Wodziwa kuziziritsa kamwalako ndi mmodzi yekha, achemwali."

Amayi anawongoka pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba.

"Bweza kiyi."

Ndinayang'ana dzanjalo, ndinayang'ana Kadontho, ndinayang'ana foni. Koma kiyi ndinamuponya m'bulauzi, n'kupinda mkono pachifuwa, ndipo ndi chala chimodzi ndinalemba:

"Akulu akwanu abwere musanakwere ndege. Mukanena mawa, Amayi akudziwa kumene kuli thanki."

Foni inaonetsa kuti akulemba. Dzanja la Amayi linali likadali m'malere.